Apongozi Anga ndi Munthu Wosesa Ng'oma

Zaka zoyamba za ukwati wanga, ine ndi apongozi anga aamuna tinkalankhulana ngati anthu ongokumana pa mzere wa kuchipatala. "Muli bwanji?" "Ndili bwino, kaya inu?" "Ku Chileka mvula yagwa?" "Yangowaza." Zikatha zimenezo, aliyense ankayang'ana nsapato zake mpaka tiyi afike. Sikuti ankandida ayi. Anali munthu wotero basi: mphunzitsi wopuma pa ntchito, mkulu wa mpingo, amene anatsogolera kwaya ya kwawo ku Lirangwe kuyambira ali ndi tsitsi mpaka dazi linafika kunkhongo. Tayi ankavala ngakhale popita kukaona mbuzi. Dzina langa sankalitchula. Kwa iwo ndinali "a ku Chileka".

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kumbali ya katundu pa bwalo la ndege. Amene sanagwirepo ntchito pamenepaja amayesa timakhala yakaliyakali tsiku lonse. Ndege ikatera timathamangadi mpaka thukuta kulowa m'maso, koma ikangonyamuka pamakhala zii, kumangomveka akhwangwala. Nthawi zoterozo ndi zimene mnzanga wina wa pantchito, wamfupi, wa kandevu ka pachibwano, anandipatsira matenda ake. Ankakhala pa benchi kuseri kwa shedi, foni ataitsamiritsa pa botolo la madzi, n'kumaonera anthu anayi akuimba jazi m'kachipinda kamdima. Tsiku loyamba ndinaima pambuyo pake kwa nthawi ndithu, kenako ndinamufunsa kuti nyimboyo iyamba liti. Anandiyang'ana mwachifundo.

"Aise, yatsala pang'ono kutha."

Ndinaseka n'kuchokapo. Koma mawa lake ndinabweranso, mkuja wakenso. Sindidziwa tsiku lenileni limene zinandilowa. Ndimangokumbukira masana ena kukutentha, mayi wina m'kanema akuimba motsitsa, kenako anangosiya, n'kupatuka pang'ono kuti mnzake wa chigitala chachikulu choimika pansi alankhule yekha. Ndinapezeka ndasiya kutafuna chimanga chomwe ndinali nacho m'kamwa. Kuyambira pamenepo foni yanga inadzaza, ndipo ine ndi mnzangayo tinkatumizirana makanema ngati anthu obisirana fodya.

Kunyumba zinali zina. Mkazi wanga anamvetsera kamodzi akusita, n'kugamula kuti amenewo ndi anthu oyesa zida asanazigule. Anandipatsa khonde kuti ndiwo akhale malo anga oonerako, ndipo ine sindinatsutse.

Tsono mng'ono wake wa mkazi wanga anapeza banja, ndipo abale anatsegula gulu la pa foni lokonzekera chinkhoswe. Munali aliyense: azakhali a ku Mdeka, amalume awiri, alamu anga onse, apongozi aakazi, ndi apongozi aamuna amene. Ine anandiikamo mwaulemu chabe. M'gulumo ndinali ndisanalembepo china choposa "Zikomo" ndi "Ameni".

Lachisanu lina, ndege ya masana itanyamuka, ndinapeza kanema wa mdala wina woimba piyano. Analowa pa siteji akuyenda ngati mawondo ndi obwereka, mutu uli peee, kuwala ndi magetsi. Koma atangokhala pansi, zala zake zinachita zinthu zoti ndinaimirira pa benchi. Mnzanga uja anali pa ofu tsiku limenelo, ndiye ndinati ndimutumizire msangamsanga. Ndinalemba kuti: "Aise, taona mdala wadaziyu! Ukamuona ngati watha, koma ndi chigawenga chenicheni." Ndinadina, n'kuika foni m'thumba, n'kupita kukakoka ngolo.

Chimene sindinadziwe n'chakuti ndinali nditadina gulu la chinkhoswe. Chachiwiri, netiweki ya tsiku limenelo inali yaulesi, moti mawu anapita okha, kanema n'kutsala akuzungulira panjira. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chinandipha, mlamu wanga anali atangoika kumene m'gulumo chithunzi cha apongozi aamuna atavala suti yatsopano ya pa chinkhoswe, ataima njo pakhomo la telala, dazi likunyezimira padzuwa. Mawu anga anakakhala pansi penipeni pa chithunzicho.

Foni inalira ndili ndi katoni paphewa. Anali mkazi wanga, ndipo sanapereke moni.

"Inu, mwapenga?"

Ndinatsegula gulu lija n'kuona zomwe ndinachita. Ndinayesa kufufuta, koma mwaphuma ndinafufuta mbali yanga yokha, kusiya mawuwo ali tayale kwa anthu onse. Gulu limene linkasokosa kuyambira m'mawa za mtundu wa nsalu linangoti duu. Munthu mmodzi yekha, azakhali a ku Mdeka aja, analemba kuti "Ambuye atichitire chifundo."

Madzulo ake apongozi aakazi anaimbira mwana wawo. Uthenga unali waufupi: adadi akuti a ku Chileka abwere mawa Loweruka, ndipo asaiwale foni.

Ndinapempha mkazi wanga kuti andiperekeze. Anati, "Munalemba nokha, mukayankhe nokha." Ndinaimbira amalume anga, omwe ndi ankhoswe athu, kuti mwina nkhaniyi ndi ya iwo. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati ndiwawerengerenso mawuwo pang'onopang'ono kuti akauze anzawo.

Choncho ndinanyamuka ndekha. Minibasi yoyamba inandisiya pa Kameza, yachiwiri inali ya ku Lirangwe. Pa Lunzu, minibasi ikudikira anthu, ndinagula tambala kudzera pawindo, chifukwa shuga ndi buledi zomwe ndinanyamula ndinaziona kuchepa poyerekeza ndi mlandu wanga. Njira yonse ndinkayeserera mawu opepesa, tambala ali pamiyendo akundiyang'ana ndi diso limodzi. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndikupemphera. Ndinati inde.

Ndinawapeza apongozi aamuna ali pakhonde pa mpando wawo wa ndalema, tayi ili pakhosi, magalasi ali pamphuno. Apongozi aakazi analandira tambala ndi manja awiri osandiyang'ana kumaso, koma polowera kukhitchini ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinakhala pa kampando kakafupi, tinapatsana moni wathu wa masiku onse, mpaka za mvula. Kenako ndinakonza kukhosi.

"Bambo, ndabwera ndi manyazi aakulu. Mawu aja..."

Anakweza dzanja, mmene ankaimitsira kwaya.

"Za dazi zisiyeni. Dazi ndili nalo, aliyense amaliona. Komanso kanema wanuyo anafika dzuwa litalowa, ndipo ndinaona kuti mnzangayo lake laposa langa. Ndakuitanirani nkhani ina."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa foni yokulungidwa m'kampango. Anaifunyulula mosamala, anafufuza kwa nthawi ndi chala chimodzi, kenako anandilozera pakona pa kanema uja.

"Uyu wa kumbuyoyu. Akutani?"

"Akuimba ng'oma, bambo."

"Ayi. Ng'oma ndimazidziwa. Ng'oma amamenya. Uyu akusesa."

Ndinayang'anitsitsa. Zinali zoona. Woimba ng'omayo m'manja munalibe timitengo, munali timatsache tiwiri ta waya, ndipo ankatizunguza pamwamba pa ng'oma ngati mayi wosesa ufa wotayikira pamphasa. Ine ndinali nditaonera zimenezi kambirimbiri osadabwa nazo. Ndinafotokoza kuti amatero kuti phokoso likhale lofewa, lisaphimbe piyano.

"Ndiye kuti amalipidwa kuti asamveke?"

"Amamveka pang'ono, bambo."

"Hmm. Nanga wotsogolera ndi uti?"

"Palibe."

Anavula magalasi. "Palibe? Tsono amadziwa bwanji poyambira ndi pothera?"

"Amangoyang'anana."

"Kuyang'anana!" Anagwira pachibwano. "Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikupempha amayi a alito kuti andiyang'ane, ndili patsogolo pawo, ndikugwedeza manja ngati wapolisi wa pamsewu. Osatheka. Awa akungophethirana diso m'mdima, basi zatheka?"

Mafunso anali ambiri, ndipo zinaoneka kuti anawakonzekera. Anafuna kudziwa chifukwa chimene anthu oonerera amaombera m'manja nyimbo ili pakati: kodi n'kuyamikira, kapena n'kuwauza kuti zakwana? Anafunsa ngati wa chigitala choimikayo amakwera nacho minibasi, ndipo ngati amatero, amachikhazika pati. Anafunsa ngati mdala wa piyanoyo ali ndi mpingo. Ena ndinayankha, ena ndinangopeka. Pomaliza anaika foni pabondo n'kunena motsitsa mawu, ngati akuulula za munthu wina.

"Dzulo ndayesa kuwagwira polakwa. Ndimamenya nthawi ndi dzanja, chonchi. Ndikati apa basi asochera, uyu walowera kwake, uyu kwake, mwadzidzidzi ndikuona onse atulukira pakhomo limodzi. Ndabwereza, ndabwerezanso. Amayi anu mpaka anandilanda foni." Analoza foni yanga. "Muli nazo zina? Ndikufuna ndifufuze bwino. Penapake ayenera kulakwa."

Ndinasendeza kampando kanga. Tsiku limenelo tambala uja anaphedwa, anaphikidwa, tinamudya, ife maso ali pa foni yotsamira pa jagi ya madzi. Apongozi aakazi analowa kudzatenga mbale n'kutipeza mitu itagundana. Anaima pakhomo, anatiyang'ana, n'kutuluka chambuyo. Pondiperekeza ku siteji, apongozi aamuna anayenda nane mpaka pamsewu waukulu, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo njira yonse ankandifotokozera chifukwa chake wa lipenga wa m'kanema wachitatu akufunika kuphunzira kupuma.

Mkazi wanga anandichingamira pageti nkhope ili ndi nkhawa.

"Zatha bwanji?"

"Akufuna ndiziwatumizira."

"Chiyani?"

"Za anthu oyesa zida zija."

Anaganiza kuti ndikumunamiza mpaka Lolemba, pamene uthenga woyamba wa mawu unafika. Apongozi sankakonda kulemba pa foni, ankati zilembo zake n'zopanikizana ngati mano a mbewa, ndiye mlamu wanga anawaphunzitsa kujambula mawu. Uthenga uliwonse unkayamba chimodzimodzi: "Moni a ku Chileka. Ndine apongozi anu, kuno ku Lirangwe." Kenako chigamulo, ngati akuchonga mayeso. "Wa lipenga wakhoza. Wa ng'oma akudzionetsera. Wa piyano abwereze kalasi." Vuto linali lakuti kuyamba kujambula anakudziwa, koma kuzimitsa ayi. Chigamulo chikatha, uthenga unkapitirira. Ndinkamva mpando ukulira, nkhuku, wailesi ya oyandikana nawo, kenako mawu a apongozi aakazi chapatali: "Mwazimitsa koma?" Iwo: "Ndazimitsa kalekale." Tsiku lina ndinamva nkhani yonse ya mkangano wa malire a dimba la msuweni wawo, yomwe sindinkayenera kuidziwa, ndipo mpaka lero ndimachita ngati sindikuidziwa.

Maina a oimbawo sankawagwira, ndipo sankafuna n'komwe. Anawapatsa awo. Panali "mnzathu wa dazi", panali "mayi wopanda nsapato", panali "ana a sukulu aja" ngakhale anali anthu a imvi. Woimba gitala wina amene ankakwinya nkhope zala zikafika kumunsi anamutcha "wodwala m'mimba". Ankandiimbira n'kunena kuti, "Wodwala m'mimba uja watulutsa china?" ine n'kudziwiratu amene akunena.

Kenako anaphunzira kufufuza okha, ndipo apa ndi pamene tinayamba kusiyana. Ine mtima wanga unali pa sakisofoni, lipenga lopindika lija. Iwo anati limalira ngati ng'ombe imene yatsekeredwa kunja kwa khola. Chimene anapeza iwo, n'kuchikonda kotheratu, chinali makanema a munthu mmodzi atakhala pa mpando ndi gitala wopanda magetsi, kaya m'khitchini, kaya pansi pa mtengo, popanda ng'oma, popanda womuthandiza.

"Pagulu munthu amabisala," anandiuza tsiku lina pa foni. "Ine ndakhala nawo a besi ongoyasamula pakamwa, mawu osatuluka, koma yunifolomu atavala. Muikeni yekha pa mpando, mumupatse gitala. Pamenepo ndi pomwe timadziwa ngati munthu amatha."

"Koma bambo, kukoma kwa jazi n'kuyankhana."

"Kuyankhana kapena kulandana mawu? Wanu wa dzulo uja anaimba yekha mpaka anzake anayamba kuyang'ana kudenga."

Ndinadzidabwa ndikuwatsutsa, ine amene kale ndinkavomera ngakhale akanena kuti kunja kukuzizira ine ndikutuluka thukuta. Mwadala ndinawatumizira kanema wa sakisofoni wautali kuposa onse amene ndinali nawo, momwe woimbayo amafika pokuwa ngati galimoto yokanika kukwera chitunda. Kunali zii masiku angapo. Ndinayamba kuopa kuti ndawonjeza. Kenako kunabwera kanema, ndi uthenga waufupi umene anakwanitsa kuuzimitsa pa nthawi yake: "Uyu musaonere kuntchito. Muonere mutakhala pansi."

Ndinamvera. Nditaweruka ndinakhala pakhonde langa lija n'kutsegula. Anali mayi wachikulire wa dziko lina, atavala duku, atakhala pa sitepe ya nyumba yake, gitala wake wong'ambika pakona. Chilankhulo chake sindinachimve ngakhale liwu limodzi. Ankaimba osayang'ana kamera, ngati akuimbira munthu amene ali m'nyumbamo, ndipo pena mawu ankamuthera n'kusiya gitala amalize. Itatha ndinamva mawu kumbuyo kwanga. Mkazi wanga anali ataima pakhomo ndi mwana kumsana, chipande chili m'manja.

"Tabwezerani imeneyo," anatero.

Inali nthawi yoyamba kuti akhale nane pakhondepo kuonera. Koma musaganize kuti anasangalala ndi zonse. Foni yake inkalira, akaona kuti ndi adadi ake n'kuyankha mwansangala, n'kumva: "Uli bwino? Mwana ali bwino? Foni ya amuna ako sikupezeka, tawapatsa iyi." Ankandiponyera foniyo pamiyendo n'kunena kuti, "Anzanu." Apongozi aakazi nawonso anali ndi madandaulo awo. Anati bambowo ayamba kugogoda tebulo ndi supuni pa nthawi ya chakudya. Anati Lamulungu lina m'tchalitchi, pa nyimbo imene aiimba kuyambira ali mwana, analowa mochedwa dala pa mzere uliwonse, n'kumamwetulira okha, mpaka wokhala nawo pafupi anawafunsa ngati makutu ayamba kuvuta.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Anthu anadzaza pabwalo, tenti yaima, zokuzira mawu zikulira. Ine ndinapatsidwa ntchito yonyamula mipando ndi makireti, monga ayenera mkamwini. Ndili pakati pa ntchitoyo ndinamva wina akundikoka malaya. Anali apongozi, mu suti ija.

"Tabwerani kuno pang'ono. Ndapeza ana awiri, wina gitala, wina kachitoliro. Simunawaonepo."

"Panopa, bambo?"

"Nyimbo yake ndi yaifupi."

Tinazungulira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la mbuzi, pomwe phokoso linali lochepa. Ndinatulutsa mahedifoni anga, iwo khutu limodzi, ine limodzi, chingwe chili pakati pathu. Sinali yaifupi. Ndipo itatha anati tione inanso ya ana omwewo. Sitinamve woyendetsa mwambo akuitana bambo a mkwatibwi kuti adzalankhule. Akuti anaitana, anaitananso, nyimbo anazimitsa, anthu anayamba kucheuka. Amene anatipeza anali azakhali a ku Mdeka aja. Anaima manja ali m'chiuno, kutiyang'ana ife awiri titatsamira khoma la khola, mitu ikugwedezeka mofanana.

"Achimwene! Anthu akudikira inu, inu muli kuno ndi chigawenga chanuchi?"

Apongozi anachotsa hedifoni modekha, anakonza tayi, napita kukalankhula mawu ogwira mtima okhudza kumverana m'banja. Ine azakhaliwo sanandilankhule mpaka Khirisimasi.

Patapita miyezi, mnzanga wa kandevu uja anandiuza kuti tikuvutikiranji ndi anthu a kutali pamene konkuno ku Chileka kuli madoda amene amaimba jazi yawoyawo Loweruka masana, kuseri kwa msika. Anati ali ndi banjo, gitala, chitoliro cha chitsulo, ndi babatoni, besi ya chingwe chimodzi yomangidwa pa bokosi lalikulu, imene woimbayo amachita kuikhalira. Ndinawauza apongozi pa foni.

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero. "Tili anyamata zinkamveka m'misikamu. Koma ife a sukulu ya mishoni tinkauzidwa kuti tikazimva tiziwoloka msewu. Ndiye ndinkazimva ndikuyenda mofulumira. Sindinaimepo."

Loweruka lotsatira anafika ndi apongozi aakazi, amene anati abwera kudzaona mdzukulu, za magitalazo n'zathu. Tinawasiya amayi awiriwo kunyumba, ife n'kuyenda wapansi kupita kumsika.

Chimene mnzanga sanandiuze n'chakuti malowo anali pabwalo la bala. Titakhota pakona n'kuona makireti a mowa ndi anthu atakhala pamabenchi, apongozi anaima. Ndinati basi, tibwerera. Anayang'ana chikwangwani, anayang'ana kumsewu ngati kukubwera wowadziwa. Nthawi yomweyo wa babatoni anakoka chingwe chake, dum, dum, dum, chitoliro n'kulowa pamwamba.

"Tikhala kunja," anatero. "Kunja si m'bala."

Anasankha mpando wa kumapeto kwenikweni, n'kuutembenuza kuti msana uloze chitseko cha balayo. Ndinawagulira chakumwa cha lalanje, ndipo botololo analigwira m'mwamba pang'ono, chizindikiro chake chitaloza kumsewu, kuti aliyense wodutsa aone chimene chili m'katimo. Bambo wina amene anakhala patsogolo pathu atacheuka n'kuwazindikira, anatsitsa botolo lake pang'onopang'ono mpaka pansi pa benchi, n'kuliphimba ndi chipewa.

"Wawa, akulu a mpingo."

"Zikomo. Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino. Ine ndangodutsa."

"Nanenso."

Oimbawo anali anayi, onse achikulire, mmodzi atavala ovolosi ya ntchito. Sankayang'ana anthu. Wa chitoliro ankachiika chammbali pakamwa n'kutseka diso limodzi. Wa babatoni ankamenya chingwe ndi kamtengo, dzanja linalo likuyendetsa botolo pachingwepo, phazi likuponda kang'oma. Fumbi linkadzuka pomwe ana ndi azimayi ogulitsa mandasi anayamba kuvina. Nyimbo yoyamba apongozi anaimvera ali chiwongokere, manja ali pa botolo. Yachiwiri, nsapato yawo ya kumanja inayamba kuyenda yokha. Itayamba yachitatu anandipatsa botolo kuti ndigwire, n'kutulutsa foni m'kampango.

"Awa ndiwajambula ndekha. Amayi anu akaone, asamati timangoyendayenda."

Ndinati ndiwathandize, anakana. Anati mlamu wanga anawaonetsa kale podina. Anaimirira, anakweza foni ndi manja awiri mpaka pamphumi, kuyang'ana oimbawo modutsa pamwamba pake, n'kukhala choncho nyimbo yonse, yomwe inali yaitali ndithu. Manja sanatsitse ngakhale pang'ono. Itatha, anaomba m'manja foni ili m'khwapa, kenako anapita kukagwira chanza wa babatoni uja n'kumufunsa ngati amawerenga do re mi. Mkuluyo anati ayi. Apongozi anati zilibe kanthu, apitirize choncho.

Pobwerera ankayenda patsogolo panga. Titangolowa m'nyumba anaitanitsa aliyense pabalaza. Mkazi wanga anasiya mphika, apongozi aakazi anakhala pa sofa ndi mdzukulu pamiyendo. Foni inatsamiritsidwa pa fulasiki pakati pa tebulo.

"Muone nokha zimene anthu a konkuno amachita ndi bokosi ndi chingwe chimodzi. Chete tsopano."

Anadina. Nyimbo inamveka bwino lomwe, babatoni, chitoliro, zonse. Koma pa foniyo panalibe woimba ngakhale mmodzi. Panali nkhope ya apongozi, yodzaza galasi lonse, kuyambira pa tayi mpaka pa dazi. Kamera inali italoza kwa iwo.

Tinaonera mphuno zawo, magalasi akutsetsereka ndi thukuta, milomo itatsekedwa mwamphamvu ngati akuyang'anira mayeso. Kenako nsidze zinakwera. Mutu unayamba kugwedezeka. Milomo inayamba kuyenda, pom, pom, pom, kutsatira babatoni. Chitoliro chitakwera pamwamba, maso anatsinzina, ndipo pakamwa panatseguka kumwetulira kwakukulu, koonetsa mpata wa dzino la kumbali limene linachotsedwa kale. Mkazi wanga anagwira pakamwa. Anandinong'oneza kuti chibadwire sankadziwa kuti adadi ake alibe dzino pamenepo.

Apongozi aakazi ndiwo anayamba. "Nanga oimbawo ali kuti?"

"Akumveka," anayankha apongozi aamuna, osachotsa maso pa foni.

"Ife timati tione bokosi lija."

"Bokosi ndi bokosi. Simunaonepo bokosi?"

Apa amayiwo anaphulika. Anaseka mpaka mdzukulu anayamba kulira, mkazi wanga anathawira kukhitchini n'kukasekera komweko, ine ndinaluma mlomo n'kumayang'ana kalendala ya pakhoma chifukwa mkamwini saseka apongozi ake pamaso. Atapuma, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, apongozi aakazi anandikodola.

"A ku Chileka, kanema ameneyu munditumizire pa foni yanga. Munthuyu pa chithunzi cha ukwati wathu anaima ngati akumuimba mlandu. Azibale anga akaone kuti mano ali nawo."

Apongozi aamuna anadikira mpaka phokoso litatha. Anatenga foni, anaipukuta ndi kampango, n'kuibwezera pa fulasiki.

"Mwatha? Tiyambirenso. Poyamba paja munkasokosa, simunamve mmene wa banjo analowera."